Kalumo ka Bwanamkubwa Colby: kanameta yani, kanacheka yani?

Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu ngwabwino ndithu, koma umasiya funso limodzi panjira: kalumoko kakameta mutu wa yani, ndipo mwini mutuyo wavomera? M'chaka cha 1948 ku Zomba kunafika mlendo wa kalumo kakuthwa zedi, Geoffrey Colby, yemwe boma la ku Mangalande linamutuma kudzakhala Bwanamkubwa wa dziko lino, pa nthawiyo likutchedwa Nyasaland. Analamulira mpaka 1956. Olemba mbiri ena amamukumbukira ngati bwanamkubwa wa chitukuko, moti Colin Baker atalemba buku la moyo wake mu 1994 analitcha Development Governor. Koma m'midzi yambiri zaka zomwezo zimakumbukika ndi mawu atatu ena: njala, malimidwe ndi chitaganya.

Nanga zinatheka bwanji kuti munthu mmodzi asiye mbiri ziwiri zosiyana chonchi? Yankho lagona pa momwe magulu osiyanasiyana a anthu analandirira zinthu zomwe iye anaziika patsogolo. Tiyeni, awerengi, nkhaniyi tiyione titaima pa Namwera, pamtunda paja pakati pa Mangochi ndi malire a Chiponde. Pamenepa ndi kumunsi kwake ku Fort Johnston, lomwe ndi dzina lakale la boma la Mangochi, magulu onse analipo: mzungu wa esiteti ya fodya, mmwenye wa sitolo, mfumu, shehe, mayi wa khasu, mnyamata wopita ku Joni, ndiponso msodzi wa chambo.

Zomwe mlendo anaika patsogolo

Colby anachokera ku Nigeria komwe anagwira ntchito ya boma zaka zoposa 20. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankayang'anira za katundu wolowa ndi wotuluka m'dzikomo, choncho anali munthu wa mawerengero, wokonda kuona zinthu zikuyenda msanga. Kuno anapeza dziko losaukitsitsa. Sukulu za sekondale zinali ziwiri zokha, ya Blantyre yomwe inatsegulidwa mu 1940 ndi ya Katolika ku Zomba ya mu 1942. Boma linali litasenza ngongole ya njanji ndi mlatho wa pa Zambezi. Amuna ambirimbiri anali kunja, ku migodi ndi m'mafamu a eni. Panyanja sitima ya Vipya inali itamira mu 1946 ndi anthu 145.

Mndandanda wa Bwanamkubwa watsopanoyu unali womveka. Choyamba, dziko lipange chuma, ndipo chumacho chichokere m'nthaka. Chachiwiri, nthakayo itetezedwe kuti isakokoloke. Chachitatu, mkangano wa malo pakati pa maesiteti ndi anthu a thangata uchepe, boma ligule malo osalimidwa n'kukhazikapo anthu. Chachinayi, misewu, magetsi, madzi ndi sitima. Za ndale, zoti wakuda akhale ndi mawu m'boma, zinali kumapeto kwenikweni, zoyenda pang'onopang'ono ngati nkhono.

Tisanamizane, zina zinachitikadi. Malo ofufuzira za ulimi a Chitedze anayamba mu 1948. Sekondale ya Dedza inatsegulidwa mu 1951, chaka chomwe sitima ya Ilala, yopangidwa ku Scotland n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba kuyandama. Pofika 1954 boma linali litagula maekala opitirira 300,000 kuchokera ku maesiteti. Munthu waulesi sakadachita zonsezi.

Ankamveka ndani?

Masiku amenewo kunalibe oyenda khomo ndi khomo kufunsa maganizo a anthu monga tionera lero. Bwanamkubwa akafuna kudziwa zomwe dziko likuganiza, ankamvera Nyumba ya Malamulo ku Zomba, nyuzipepala ya Nyasaland Times, malipoti a ma DC ndi misonkhano ya mafumu. Tsono taonani mawerengero. Kalembera wa 1945 anapeza Azungu pafupifupi 2,000, Amwenye pafupifupi 2,800, ndi anthu akuda opitirira 2 miliyoni. Komatu Colby akufika, m'Nyumba ya Malamulo munalibe wakuda ngakhale mmodzi. Zofuna za eni dziko ankawalankhulira ndi mmishoni.

Mu 1949 munalowa akuda awiri, Ellerton Mposa ndi Ernest Muwamba, pamodzi ndi mmwenye mmodzi, Pranlal Dayaram. Onsewa anachita kuikidwa, sanasankhidwe ndi mavoti a anthu wamba. Mwachidule, gulu laling'ono kwambiri ndilo linali ndi pakamwa papakulu, pomwe gulu lomwe mapulani onse ankadalira thukuta lake linalibe polankhulira. Maganizo a gulu lalikululi tiyenera kuwawerenga m'zochita zake: milandu ya m'mabwalo a mafumu, nyimbo za pamtondo, kuthawa, ndipo pomaliza zipolowe.

Azungu ndi Amwenye

Wina angaganize kuti Azungu onse anamulandira ndi manja awiri, poti ndi mnzawo. Sizinali choncho. Alimi a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, ndi a fodya monga a m'maesiteti a ku Namwera, anakondwera ndi nkhani ya misewu ndi kafukufuku wa mbewu, pakuti fodya wochoka pamtunda paja kukafika ku okushoni ku Limbe ankayenda ulendo wowawa. Koma mu 1949 Colby ataika msonkho pa tiyi ndi fodya wotumizidwa kunja kuti apeze ndalama za chitukuko, chikondi chinazilala. Makampani a malo aakulu, monga British Central Africa Company, sanafune kugulitsa malo mophweka. Kwa iwowa chitukuko chinkatanthauza antchito okwanira, msonkho wochepa, ndi chitsimikizo choti ulamuliro sudzagwera m'manja mwa akuda. N'chifukwa chake ambiri mwa iwo, motsogozedwa ndi anthu ngati Malcolm Barrow, maso awo anali ku Salisbury, kufuna kuti dziko lino liphatikizidwe ndi ma Rhodesia awiri.

Amwenye anali pakati, ngati nyama ya m'sangweji. Misewu yabwino ndi ndalama m'matumba a alimi zinali zabwino pa sitolo. Koma ndondomeko ya boma yogula mbewu kudzera m'mabungwe ake inkawadyera malonda. Panali kale bungwe la fodya la 1926 ndi la chimanga lomwe linayamba ntchito mu 1947. M'nthawi ya Colby panabwera la thonje mu 1951 ndi la mbewu zina mu 1952. Mabungwewa anaphatikizidwa mu 1956, ndipo mdzukulu wake ndi ADMARC ya mu 1971. Pankhani ya chitaganya, Amwenye ambiri anali ndi mantha, podziwa kuti Southern Rhodesia inali itatsekera kale anthu a mtundu wawo pakhomo.

Njala isintha zonse

Colby asanathe chaka, mvula inadula kumapeto kwa 1948 ndi kumayambiriro kwa 1949, chimanga chikadali chanthete. Njala inakula kwambiri m'chigawo cha kummwera, makamaka madera a Lunzu ndi Lirangwe m'boma la Blantyre. Boma linaitanitsa zakudya zokwana matani pafupifupi 25,000 kuchokera kunja, ndipo kumayambiriro kwa 1950 linatsegula misasa yodyetserako ovutikitsitsa. Mabuku a boma amati omwalira sanapitirire 200, koma ofufuza a pambuyo pake amati chiwerengerocho n'chochepa kuyerekeza ndi zomwe zinachitika.

Njala imodzi yomweyi inawerengedwa mosiyana. Akuluakulu a boma anati vuto ndi mlimi wakuda: wachulukana, akuononga nthaka, akulima fodya m'malo mwa chimanga. Alimi ankaona zina: mitengo yotsika ya bungwe la chimanga inali itawafooketsa, malamulo ankaletsa kuyenda ndi chimanga momasuka kuchoka boma lina kupita lina, ndipo malo abwino anali m'manja mwa maesiteti. Megan Vaughan, yemwe anacheza ndi amayi okalamba n'kulemba buku la njalayi mu 1987, anapeza kuti amayi ankaikumbukira ngati chaka chomwe amuna ambiri anapita kokasaka chakudya osabwereranso, ndiponso chomwe thandizo la boma linkafikira msanga olembedwa ntchito kusiyana ndi mayi wosiyidwa yekha ndi ana.

Bwanamkubwa anatengapo phunziro lake: tifulumire, ndipo tikakamize. Lamulo loteteza zachilengedwe la 1946 linalimbitsidwa mu 1949, ndipo apa m'pamene mawu oti malimidwe anasanduka dzina la chilombo.

Malimidwe: mayi ndi khasu lake

Malamulowo pawokha sanali opusa ayi. Ankati limani mizere yopingasa phiri, lekani matutu, kumbani migula yotchinga madzi, musalime m'mphepete mwa mtsinje, zulani ndi kutentha mapesi a fodya ndi thonje pa nthawi yake, dzalani msanga. Munthu woona mapiri a ku Namwera ndi momwe madzi amathamangira kutsikira kunyanja angavomere kuti nthaka inkafunika kuisamala.

Vuto linali loti ntchitoyo inagwera yani, ndipo inabwera motani. Pakati pa Ayao munda umayendera kuchikazi. Mwamuna amakalowa chikamwini, ndipo mbumba ndiyo mwini mudzi. Izi J. Clyde Mitchell anazilemba bwino m'buku lake la 1956, atakhala m'midzi ya Ayao kuyambira 1946 mpaka 1949. Tsono amuna ambiri anali ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Salisbury ndi Bulawayo, ena m'maesiteti, enanso ku usilikali wa KAR, womwe mu 1952 unatumizidwa kukamenya nkhondo ku Malaya. Wotsala ndi khasu anali mayi. Migula imakumbidwa m'chilimwe nthaka ili gwa. Mayi yemweyo atunge madzi, asinje, alere ana, kenaka akumbe ngalande pa dothi louma, ndipo akalephera mlangizi amulembe dzina.

Chilango chinali faindi, ndende ya masiku, kapena kuzulidwa kwa mbewu zomwe zadzalidwa pa matutu. Tangoganizani, anthu angotuluka m'njala, kenaka munthu wa yunifolomu akuzula chinangwa m'munda, ati pofuna kuthetsa njala! Mlangizi, yemwe anayenera kukhala mphunzitsi, anasanduka wapolisi. Pamwamba pa izi, mu 1950 boma linayambitsa ndondomeko ya Master Farmer, yopatsa mphoto alimi ochepa otsata malangizo onse. Oyenera mphotoyo ankafunika munda waukulu wa pamodzi, chinthu chomwe mkamwini wolima pa malo a apongozi sakanachipeza. M'maso mwa ambiri, boma linkadyetsa wokhuta n'kulanga wanjala.

Mafumu pakati pa moto

Kuyambira 1933 mafumu akuluakulu anapatsidwa mabwalo a milandu ndi udindo wothandiza kutolera msonkho. Milandu ya malimidwe inkaweruzidwa m'mabwalo omwewa. Choncho mfumu inkalipitsa mbumba yake yomwe chifukwa cha lamulo lomwe sinalipange. Ikakana, DC ali pakhosi; ikavomera, anthu akuinena kuti yagulidwa.

Kwa mafumu a chigawo cha Namwera nkhaniyi inali ndi fungo lakale. Jalasi, yemwe Azungu ankamulemba Zarafi, anagonjetsa gulu la nkhondo la atsamunda mu 1892 n'kulanda mfuti yawo yaikulu, ndipo anadzagonja mu 1895. Makanjira naye anthu ake anapha Captain Maguire mu 1891. Mabwinja a Fort Mangochi akadalipo paphiri mpaka lero. Colby akufika, nkhalamba zomwe zinaona nkhondozi zili ana zinali zikadali moyo. Ufumu womwe unalowa m'boma la Azungu ndi mfuti sukanaona lamulo la ku Zomba ngati uphungu wa bwenzi. Komabe mpando, malipiro ndi ulemu wa mfumu zinkadalira boma lomwelo, choncho mafumu ambiri ankayenda chozemba, kuvomera pamaso pa DC, kumbali n'kumatsinzina.

Wina amene anakana poyera ndi Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu. Mu May 1953 inauza anthu ake kuti asatsate malamulo a malimidwe potsutsa chitaganya. Boma la Colby linaichotsa pampando. Inathawira ku Mozambique pamodzi ndi mbusa wachingelezi Michael Scott, Apwitikizi n'kuibweza, ndipo inamwalira mu 1954. Mafumu ena anatula pansi udindo mu 1953, ngakhale ambiri anadzabwerera.

Ophunzira, ndi omwe sukulu sinawafike

Aphunzitsi, makalaliki ndi abusa anali ndi bungwe lawo, Nyasaland African Congress, lomwe linakhazikitsidwa mu 1944 ndi anthu ngati Levi Mumba ndi James Sangala. Iwowa ankafuna chitukuko kuposa wina aliyense, koma mndandanda wawo unayambira pomwe wa Colby unathera. Ankati tipatseni sekondale zambiri, maphunziro apamwamba, maudindo m'boma, ndi mipando yosankhidwa m'Nyumba ya Malamulo. Mu 1948 momwemo anatumiza nthumwi ku London, motsogozedwa ndi Charles Matinga, kukadandaula za maphunziro. Boma linkawayankha kuti ndinu kagulu kochepa ka m'tauni, simuimira munthu wa kumudzi. Kunena zoona, m'zaka zoyambirira Kongeresi inalidi yofooka m'midzi. Malimidwe ndi omwe anaipatsa anthu.

Koma ku Namwera kunali gulu lina lomwe ngakhale Kongeresi sinkalimva bwino: Asilamu. Pafupifupi sukulu zonse m'dziko zinali za mishoni, ndipo ndalama za boma za maphunziro zinkadzera kumeneko. Kholo lachisilamu linkaopa kuti mwana akapita kusukulu akabatizidwa, akasintha dzina, akasiya madrasa ndi chikhalidwe cha kwawo. Mantha amenewa sanali ongopeka. Zotsatira zake, Bwanamkubwa akamati waonjezera ndalama za sukulu, kwa ambiri a kwa Jalasi zinali ngati mvula yogwa kutsidya. Ukalaliki ndi uphunzitsi zinkapita kwa ana a mishoni, nthawi zambiri ochokera kwina. Olemba makalata ku nyuzipepala ndi olankhula Chingelezi pamaso pa DC sanali iwo. Anthuwa anatsekeredwa kawiri: ngati akuda pamaso pa Azungu, ndiponso ngati osapita kusukulu pamaso pa akuda anzawo. Bala limeneli linakhalitsa, pakuti kwa zaka zambiri ufulu utabwera Mangochi inali m'gulu la maboma otsalira pa kulemba ndi kuwerenga.

Kunyanja

Tikatsika phiri kufika kunyanja, nkhani inali ya nsomba. Kuyambira m'ma 1930 kampani ya Agiriki ya Yiannakis inkapha chambo kummwera kwa nyanja ndi maboti a injini ndi makoka akuluakulu, n'kumatumiza pa malole ku Blantyre ndi m'maesiteti. Boma linkaona zimenezi ngati usodzi wamakono wodyetsa antchito. Katswiri Rosemary Lowe anafufuza za chambo kuyambira 1945 mpaka 1947, ndipo mu 1949 panabwera lamulo la za usodzi. Msodzi wa bwato lojoba, wa ku Malindi kapena kwa Mponda, ankaona zosiyana: khoka lake la m'mbali mwa gombe likubwera lopepuka, pomwe mlendo akukokolola pakati pa nyanja ndi chilolezo cha boma m'thumba. Kwa iye funso silinali loti nsomba zichuluke pamsika wa ku Limbe, koma loti nyanjayi njayani.

Chitaganya chimanga mtolo umodzi

Mpaka apa gulu lililonse linkalira maliro ake. Mayi ankalira migula, msodzi chambo, mfumu ulemu wake, mphunzitsi udindo, wa thangata malo. Chomwe chinamanga madandaulo onsewa mtolo umodzi ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953.

Nduna za ku London ndi Azungu a ku Salisbury ankati munthu wa kumudzi sadziwa kanthu za chitaganya, akungonamizidwa ndi ophunzira ochepa. Apa m'pamene anaphonya kwambiri. Munthu wa kumudzi ameneyo ndiye anaiona Rhodesia ndi maso. Anayendapo ndi chitupa m'thumba, anagona m'komboni, anaona momwe lamulo la malo la 1930 linagawira nthaka yabwino kwa Azungu. Mtchona wobwera kwa Jalasi ndi njinga ndi makina osokera ankabweranso ndi nkhani zimenezi, ndipo sankasowa nyuzipepala kuti amufotokozere. Kumayambiriro kwa 1953 mafumu anapita ku London kuti akaonane ndi Mfumukazi, koma sanaloledwe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pankhani imeneyi Colby mwini wake ankagwirizana ndi anthu. Makalata ake achinsinsi opita ku London, omwe ofufuza anawaona pambuyo pake, akusonyeza kuti anachenjeza akuluakulu ake kuti dziko lino lisalowetsedwe m'chitaganya eni ake akukana. Sanamumvere. Monga wantchito wa boma anatseka pakamwa n'kuyamba kugulitsa katundu yemwe iye mwini sankamukhulupirira. Pa chinthu chimodzi chomwe akadagwirana chanza ndi anthu, anthuwo sanadziwe n'komwe.

Mu August 1953 moto unabuka ku Thyolo. Unayamba ndi nkhani ya malalanje pa esiteti ina pafupi ndi Luchenza, n'kufalikira kumadera ena a kummwera, kuphatikizapo Domasi. Anthu anatseka misewu, anadula mawaya a telefoni, anaukira mafumu omwe ankawaona ngati a boma. Akuda 11 anaphedwa. Boma linati ndi chiwawa cha oputa dala. Komatu amenewo ndiwo anali maganizo a anthu, atasowa khomo n'kutulukira pazenera.

Mawu ayamba kumveka

Chakumapeto kwa ulamuliro wake Colby anavomera kusintha pang'ono. Mu March 1956 akuda 5 anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo kudzera m'makhonsolo a zigawo. Pakati pawo panali Kanyama Chiume ndi mnyamata wa zaka 25, Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican wa ku Malindi, wophunzira ku Fort Hare. Chipembere anali atagwirapo ntchito ya boma ku Domasi ndi ku Fort Johnston komweko, choncho madandaulo a mlimi ndi msodzi anawamva ndi makutu ake, ndipo anakawatula ku Zomba mosapsatira. Mwezi womwewo Colby ananyamuka, m'malo mwake n'kubwera Robert Armitage. Colby anamwalira mu 1958, chaka chomwe Dr Kamuzu Banda anabwerera kumudzi n'kupeza nkhuni zouma kale.

Pambuyo pa chipwirikiti cha March 1959, bungwe lofufuza la woweruza Patrick Devlin linanena zomwe anthu anakhala akunena zaka zonsezi: kuti kukana chitaganya kunali kozama ndiponso kwa pafupifupi aliyense, komanso kuti kukakamiza malimidwe kunadanitsa boma ndi anthu. Pa chisankho cha August 1961, pomwe akuda ambiri anaponya voti koyamba, Malawi Congress Party inatenga mipando yonse 20 ya m'kaundula wa anthu wamba. Kafukufuku weniweni woyamba wa maganizo a anthu anali ameneyo, ndipo anachedwa ndi zaka 13.

Tiweruze bwanji?

N'kosavuta kunena kuti Colby anali mtsamunda, basi nkhani yatha. Koma tikatero titaya phunziro. Munthuyu sanali wakuba kapena waulesi, ndipo zambiri zomwe ankanena za nthaka zinali zoona. Cholakwa chake chinali kuganiza kuti mawu oti chitukuko amamveka chimodzimodzi m'khutu la aliyense, ndi kuti za kufunsa anthu zingadikire mpaka chuma chitakula. Anaika ndale kumapeto kwa mndandanda, osadziwa kuti funso loti alamula ndani lili kale m'kati mwa mgula uliwonse, khoka lililonse ndi sukulu iliyonse. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Colby ankafuna kutsekulira anthu chitseko pa nthawi yake iyeyo, n'kumadabwa kuti bwanji sakuthokoza.

Ndipo matendawa sanapite ndi atsamunda. Boma la chipani chimodzi linatengera zambiri: bungwe limodzi logula mbewu pa mtengo wake, achikumbe m'malo mwa Master Farmer, ndi chizolowezi choti wa ku likulu ndiye adziwa. Anthu a ku Mangochi anazilawa kuposa ambiri pambuyo pa kuukira kwa Chipembere mu February 1965. Panatenga mpaka 14 June 1993 kuti Amalawi onse afunsidwenso funso lomveka pa riferendamu. Kuyambira 1999 bungwe la Afrobarometer lakhala likufunsa anthu maganizo awo, n'kuwagawa monga amuna ndi akazi, a m'tauni ndi a kumudzi, achinyamata ndi achikulire. Zida zomvera zomwe Colby analibe ife tili nazo. Chotsala n'chakuti wolowa pampando aziwerenge asanalembe mndandanda wake, osati atamaliza.

Mukamakwera msewu wokhotakhota uja kuchoka ku Mangochi kupita ku Namwera m'mwezi wa October, yang'anani minda ya m'mbali. Pafupifupi yonse ili ndi mizere, yambiri yopingasa phiri monga momwe alangizi a 1949 ankafunira. Palibe mesenjala woimirira ndi buku la faindi. Adzukulu a amayi omwe ankalipitsidwa chifukwa cha matutu akuunga mizere okha, chifukwa anaona okha kuti imasunga madzi. Nzeruyo anthu anailandira itasiya kubwera ndi unyolo.